Kompyuta Imve Kaye Chipinda

Anzake amamutchula kuti Makutu. Ntchito yake ndi kuyeretsa mawu a podikasiti, pulogalamu yocheza imene alendo ake amayankhula pa intaneti ali kwawo. Mawuwo amafika ndi zinyalala zake: filiji ikung'ung'udza, galu wa aneba, mpando wolira, mlendo wopumira pa maikolofoni ngati wathamangitsidwa.

Asanayambe kujambula, Makutu amauza mlendo aliyense kuti, "Takhalani kaye chete, kompyuta imve phokoso la m'chipinda mwanumo." Kompyutayo ikaliphunzira phokosolo, imalichotsa paliponse n'kusiya mawu okhaokha. Ambiri kukhala chete kumawakanika. Wina amatsokomola, wina amafunsa ngati zatheka.

Tsiku lina wowulutsa pulogalamuyo anadwala chimfine, ndiye mawu otsegulira anajambula ndi Makutu yemwe, kunyumba, atadzitsekera kuchipinda. Pabalaza mkazi wake ankasita zovala, uku akumufotokozera mokweza za denga lodontha ndi za mlamu wake amene ankafuna kubwera. Makutu anakhala chete monga amauzira ena. Kompyuta inamvetsera, n'kuphunzira.

Pulogalamu itatuluka, anamuveka mkaziyo mahedifoni kuti amve. Mawu a Makutu ankamveka bwinobwino, kumbuyo kuli zii.

"Si tsiku lija ndinkakuuzani za denga limeneli?" anafunsa mkaziyo.

"Lomwelo."

Mkaziyo anavula mahedifoni n'kumubwezera.

"Makina anuwa atengera inu," anatero, n'kupita kukatchera beseni pomwe pankadontha.