Kavepi ka mango kamene munandipatsa

Achimwene, chitisiyireni sindinakusoweni ngati lero. Ndinalowa mu shopu ya pakona ku Highfields kuno kuti ndigule vepi yanga ija yokoka m'malo mwa ndudu, yotaya ikatha, mwini shopu n'kundiuza kuti boma laletsa zimenezo, zatsala zotchaja zokha. Akuti mwina za fungo la zipatso nazonso adzazichotsa poti zikukopa ana. Za anazo ndikumvetsa, nanenso ndine kholo. Koma ndisaname, maso anga anathamangira pa kabati amatsekeramo ndudu.

Pomwepo ndinakumbukira tsiku tinkakweza sofa kuchipinda chapamwamba kunyumba kwanga. Munakhala pansi pakati pa masitepe, m'chifuwa mukulira ngati wenzulo, ine nditagwira sofayo ndekha. Mutapezako mpweya munatulutsa kavepi m'thumba la jekete n'kundipatsa. "Iwe, ine ndachedwa, fodya wandidya kale. Tenga aka, kakununkhira ngati mango a ku Salima. Ndikadzakuonanso ndi ndudu ndidzakuthira mbama, ndevu zakozo sindiziopa." Tinaseka mpaka munayamba kutsokomola, ine kuseka n'kundithera.

Ndagula yotchajayo, achimwene. Ikudontha m'thumba ndipo kuthiramo madzi ake kukundivuta, koma ndizolowera. Akachotsa ya mango ndidzakoka yopanda fungo, mpaka nayonso ndidzaisiye. Malamulo asinthe mmene angasinthire, ndudu yokha sindiyatsanso. Masitepe munakhalapo aja ndimawakwera tsiku lililonse, ndipo ine sindidzakhala pansi pakati pake.