Mwendo wa a Yoramu umene unayenda mu kompyuta

A Yoramu a kuno ku Tsangano anasiya mwendo wamanzere mu mgodi ku Joni. Atabwerera kumudzi anadzisemera wina wamtengo, nakhomera chidutswa cha tayala kunsi kwake. Unali wolemera, wosaoneka bwino, koma analima nawo mbatatesi m'mapiri muno zaka makumi awiri. Pa ngoma, gule wathu woponda pansi mwamphamvu, ndi iwo ankatsogolera mzere. A Paison, oima pambuyo pawo, anadikira malo amenewo mpaka imvi.

Matenda a a Yoramu ndi kugwadira chilichonse chochokera kutali. Ku Joni anakhalako zaka zinayi zokha, koma mpaka lero amati mchere wa kuno sukolera.

Chaka chatha mwana wa mlongo wawo, Gracian, wogwira ntchito ku bungwe lina ku Lilongwe, anawabweretsera mwendo wapulasitiki wonyezimira. Ine ndinali pakhonde ndi akazi awo, a Zelesi, tikusankha mbewu, pamene Gracian anatsegula laputopu.

"Amalume, kamunthu aka tinakapatsa msinkhu wanu ndi kulemera kwanu," anatero Gracian. "Mu kompyuta kaponda ndi mwendo umenewu maulendo miliyoni, osathyoka."

Kamunthuko kanalibe nkhope. Kankangoyenda nyang'anyang'a pabwalo losalala ngati tebulo, lopanda mzere kapena mwala.

"Nanga kamavina?" anafunsa a Zelesi.

"Ayi, tinangoyesa kuyenda. Za kuvina sindingalonjeze."

"Mayi, musatichititse manyazi," anatero a Yoramu. "Chinthu choponda miliyoni chingalephere nyimbo imodzi? Chimtengo chija muchisonkhezere pamoto."

A Zelesi sanachisonkhezere. Mwendo wakalewo anakatsekera chitseko cha khola la nkhumba.

Patapita mwezi tinavundukula chiliza cha malemu amuna anga, amene ankavina nawo gulu lomwelo. A Yoramu anafika atavala zikopa, mwendo watsopano ataupukuta ndi mafuta, ndipo anapita molunjika kwa a Paison.

"Achimwene, wangawu unayesedwa mu kompyuta. Nanga yanuyo inayesedwa kuti?"

"Kumunda," anayankha a Paison.

Nyimbo inayamba. A Yoramu anakweza chishango, naponda koyamba, fumbi kobo! Anaponda kachiwiri, amayi nthungululu. Kachitatu tinangomva kuti thyo! Phazi linatsala lokha pansi, mwini wake ali chagada, chishango chitawaphimba kumaso.

A Paison sanadule nyimbo. Anangosuntha pang'ono n'kuima kutsogolo, anzawo n'kuwatsatira.

A Zelesi ananyamuka mosafulumira, nabwerako ndi mwendo wakale uja, ukununkha nkhumba.

"Nawu, bambo. Uwu sunapite kusukulu, koma nyimbo umazidziwa."

Pamene a Yoramu ankamaliza kumanga malamba, gule anali atafika kale patali. Analowa kumapeto kwa mzere, ndipo mpaka lero amaima komweko. Amuna a ngoma anagwirizana kuti wogwa pa chiliza cha mnzake sangatsogolerenso.

Gracian anatola zidutswa zija, nalemba m'kabuku kake kuti kamunthu kaja akakaphunzitse kuponda kwa Angoni. A Yoramu sanavomere kuti analakwitsa. Ndinawamva dzana pamsika akuuza anthu kuti mwendowo unalibe vuto, koma dothi la kuno ndi limene linauma molakwika.