Timu ya bambo imene inkangosamuka

M'nyumba mwathu ku Al Nasr, kuno ku dziko la eni la m'chipululu, muli lamulo limodzi limene ngakhale mayi, omwe sakonda mpira, amalisunga: zigoli za timu ya bambo sizinenedwa mpaka Lachisanu. Timuyo ndi ya mpira wa ku America, uja wosongoka mbali zonse ngati papaya lonyentchera, ndipo imasewera ife kuno tili m'tulo. Bambo amagwira ntchito pa hotela ina ku West Bay, kumene amayang'anira madalaivala otenga alendo ku bwalo la ndege. Sabata yonse amazemba zigolizo ngati munthu wozemba matope atavala nsapato zatsopano. Akamva alendo a ku America akukambirana za mpira mu lifiti, amatsikira pa nsanjika yomwe sanafune. Likakwana Lachisanu, tsiku lawo lopuma, amaika gemu yojambulidwa kale pa kanema n'kumaikuwira ngati ikuchitika nthawi yomweyo.

Timuyi anaitola kwa mlendo wina wokalamba amene anakhalitsa pa hotelapo. Tsiku lina madalaivala atachepa, bambo anamuyendetsa okha, ndipo atatsekeredwa pa mzere wa magalimoto, mkuluyo anawafotokozera mbiri yonse ya timu yake. Pochoka anawasiyira jezi yaikulu moti imawafika m'mawondo.

Mpira umenewu umaimaima kwambiri. Mayi amati ndi minibasi ya ku Ndirande, ikangoyenda pang'ono yaima. Koma bambo amakonda kuimako, chifukwa ndi pamene amandiuza mbiri ija, ine nditakhala pa kapeti pafupi ndi mapazi awo. Ndinaimva kambirimbiri moti ndikhoza kuilakatula. Timuyo inayambira mu mzinda wozizira wa mafakitale, kumene anthu ankaonera mpira atafunda mabulangete. Inavutika zaka zingapo, kenako inatenga chikho, ndipo chisangalalo chisanathe n'komwe mwini wake anaisamutsira ku mzinda wa dzuwa, kutali kunyanja. Kumeneko inalemba osewera akuda pa nthawi imene matimu ena ankawakana. Pamenepa bambo amaima kaye n'kundiyang'ana, kuti aone ngati ndamva. Kenako kunabwera zaka zabwino, zaka zoipa, bwalo lopanda anthu, ndipo inasamukanso kupita ku mzinda wa pamtsinje. Inatengako chikho china. Patapita nthawi inabwerera ku mzinda wa dzuwa uja ngati sinachokeko.

Ndili wamng'ono, nkhaniyi inkandikoma ngati ya ulendo. Teremu ino inayamba kundisowetsa mtendere.

Kontirakiti ya bambo inali kutha kumapeto a chaka, ndipo mapepala a mayi ndi anga okhalira muno amatsamira pa iyo. Zimenezi palibe anandiuza. Ndinkangozimva pa khoma la pakati pa khitchini ndi chipinda changa, lomwe ndi lopyapyala. Ikapanda kuwonjezeredwa momwe inalili, ndiye kuti sukulu yanga yatha, ndibwerera ku Zomba kwa azakhali, kumene ndinachoka ndisanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Cha ku Zomba chimene ndimakumbukira ndi geti lobiriwira ndi fungo la dothi mvula ikangoyamba. Cha kuno ndimadziwa zonse: mpando wa pa windo mu basi ya sukulu, sitolo ya pakona imene amandipatsa karaki, tiyi wamkaka wa zokometsera, ndisananene kanthu, ndi mnzanga mmodzi yekha, mtsikana wa ku Sudan, amene zinanditengera chaka chathunthu kuti ndimulonjere.

Mnzangayo anandifunsa ngati tidzakhalenso desiki imodzi teremu ya mawa. Ndinangoti inshala, Mulungu akalola. Kuyambira tsiku limenelo sindinkatha kukhala malo amodzi. Ndinkayamba homuweki pa tebulo, n'kukaipitiriza pa bedi, n'kukaimalizira pa khonde, pomwe pamaoneka makina oziziritsa nyumba a anthu ena okhaokha. Buku langa la tsiku ndi tsiku, lomwe ndimalemba mwaudongo, linadzaza ndi mizere yosamaliza. Nditafunsa mayi anati ndifunse bambo anga, uku akupukuta mbale yomwe inali youma kale. Bambo ndinawayandikira kangapo kuti ndiwafunse. Akangondiona nkhope, ankayamba okha kundifunsa ngati ndikukumbukira chomwe timu inachita itangofika ku mzinda wa dzuwa. Ine ndinkayankha bwinobwino, n'kubwerera kuchipinda.

Lachisanu lina gemu inali yofunika, yoti timu ikaluza ndiye kuti chaka chino basi. Bambo anavala jezi ija kuyambira m'mawa. Tinali mkati mwa chigawo chachiwiri pamene belu la pa chitseko linalira.

Anali amalume. Si achibale athu enieni. Ndi mnzawo wa bambo wochokera ku Mangochi, mlonda pa sitolo zikuluzikulu za ku West Bay komweko, ndipo amatiyendera Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti. Ntchito yawo yaikulu m'nyumba mwathu ndi kuopseza bambo kuti aulula zigoli. Amalowa atagwira foni m'mwamba, bambo atatseka makutu, mayi akuseka ku khitchini. Koma tsiku limenelo foni inali m'thumba. M'khwapa anali atapana makatoni opindidwa, aakulu, ndipo pa dzanja anali atavala tepi yomatira ngati chibangili.

Anawatsamiritsa pa khoma n'kunena monyadira kuti awasankha okha, ndi olimba, a mafiriji ang'onoang'ono, ndipo anyamata opakira katundu m'ndege sadzawaphwanya ngakhale atawaponya. Anawonjezera kuti mabuku a mwana aikidwe pansi, mapoto pamwamba. Kenako anaona nkhope ya bambo, n'kuona yanga.

"Achimwene, simunamuuze mwanayu?"

Bambo anaimitsa gemu. Pa kanema osewera anauma ali mkati mothamanga, mpira uli m'malere.

"Ndimati timalize kaye gemuyi," anatero bambo, osayang'ana aliyense. "Lero lomwe ndimamuuza."

"Nanga ine ndikanadziwa bwanji kuti nkhani ya mwana nayonso mwaisandutsa zigoli?" Amalume anakhala pansi, n'kuyamba kuvula tepi ija pa dzanja.

Mayi anatuluka ku khitchini n'kuima pa khomo. Ndinazindikira kuti onse atatu ankadziwa kuyambira kumayambiriro a sabata, ndipo bambo analumbiritsa mayi monga amachitira ndi mpira. Bambo anandifotokozera pang'onopang'ono. Kontirakiti anaiwonjezera, koma mosiyana ndi kale: iwo asamukira ku nyumba za antchito a hotela, kumene mabanja saloledwa. Mayi ndi ine tipita ku Zomba teremu ikatha. Iwo azibwera pa tchuthi. Anati amafuna ndikhale ndi Lachisanu limodzi lina losadziwa, chifukwa munthu ukangodziwa mathero, ngakhale kuthamanga kokongola sukuonanso.

Ndinkafuna kuwauza kuti masabata onsewa sindinaone kuthamanga kulikonse, kuti kudikira kunandidya kuposa kudziwa. Sindinathe. Chimene chinatuluka m'kamwa mwanga chinali china.

"Adadi, anthu a ku mzinda wa pamtsinje uja, timu itawachokera, majezi awo anatani nawo?"

Bambo anatsegula pakamwa monga amachitira akamayamba mbiri, koma sanapeze poyambira. Anati mkulu uja sanawauzepo zimenezo. Iye ankangotsatira timuyo kulikonse kumene yapita, ndipo bambo nawonso sanaganizepo zofunsa.

Amalume anayesa kutiseketsa. Anati mwina anawasandutsa zokolopera, ndipo ya bambo ingakolope nyumba yonse ya azakhali kamodzi n'kamodzi. Mayi anaseka pang'ono, n'kupita kukatenga tiyi. Ine ndinapita pa khonde. Kunja kunali kutayamba kuzizira, kuzizira kwa kuno kosachedwa kutha, ndipo pansi ana a m'fulati yoyandikana nafe ankakankhana pa njinga imodzi. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Nditabwerera m'nyumba kanema anali atazima yekha, ndipo palibe anamuyatsanso.

Lamlungu, tsiku loyamba la sukulu kuno, ndinauza mnzanga uja kuti apeze wina wokhala naye desiki. Anandifunsa ngati ku Zomba kuli intaneti. Ndinati ilipo, ngakhale ndinayenera kukafunsa mayi madzulo ake kuti nditsimikize.

Makatoni tsopano aima pakati pa balaza, ndipo timayenda mowazungulira. Mabuku anga ali pansi monga ananenera amalume, kupatula limene ndikulembamo lino. Dzulo ndinapeza jezi ya bambo itapindidwa bwino mu katoni yanga, pamwamba pa madiresi. Ndinaitulutsa n'kukaibwezera pa mpando wawo. M'mawa uno ndaipezanso mu katoni. Sitinalankhulepo za iyo, ndipo sindikudziwa kuti ikathera kuti.

Gemu ija sitinaimalize. Ndinachita chinthu chimene sindinachitepo chiyambire: ndinatenga foni ya mayi n'kuyang'ana zigoli ndekha. Ndikudziwa momwe inathera, ndipo ndayenda nazo sabata yonse, ku sukulu, mu basi, pa tebulo la chakudya bambo atakhala moyang'anana nane. Muno sindizilemba, chifukwa iwo sanaonerebe, ndipo Lachisanu ndi mawa.