Wailesi ya mu mtengo wa mango

Lachitatu lapitali ndinanyamula wailesi yanga kupita nayo kwa Che Jafali. Inali itayamba kulira ngati chule, ndipo nditaimenya pambali, monga timachitira tonse, inangoti zii. Che Jafali ndiwo amakonza mawailesi m'mudzi mwathu muno, kufupi ndi Nkopola, pansi pa mtengo wa mango woyang'anizana ndi doko. Ndinapita kukakonzetsa wailesi imodzi, koma ndinakapeza ina ikulandidwa.

Ndiyambe ndakuuzani za wailesi inayo, poti ambiri mwa inu simunaimvepo. Simungaitsegule kwanu ku Zomba kapena ku Lilongwe. Ndi sipika yaikulu yonga lipenga, yomangiriridwa pa mphanda ya mtengowo, batire la galimoto lili pansi, ndi maiki yokulungidwa ndi nsanza. Mawu ake amafika kumzikiti, kumathandala oyanikapo usipa, ndi kusukulu kumene ine ndimaphunzitsa. Mphepo ikalola amafikanso kutchalitchi. Dziko lake lathera pomwepo.

M'mawa asodzi akakocheza, Che Jafali amagogoda maiki ndi chala n'kuyamba. Mwera ukaoneka kuti uwuka, amanena. Bwato la uje likapanda kubwerako, amanena. Anamwino akamabwera ndi katemera wa ana, amanena, m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe. Kukagwa maliro amanenanso, ndipo ngakhale abale athu achisilamu sachedwa kuika, anthu amafika nthawi ikadalipo. Uthenga womwewo mukautumiza ku wailesi ya boma, umadzawerengedwa anamfedwa atasesa kale.

Akamaliza, amapereka maiki kwa aliyense wofuna kulankhula. Lamulo limeneli analitenga ku khoka. Anzanga a kwathu ku Ntcheu, inu amene nsomba mumaidziwa itauma kale, mverani. Kuno khoka likamakokedwa, aliyense wogwira chingwe amachokapo ndi ndiwo, kaya ndi mbale wa mwini khoka, kaya ndi munthu wongodutsa. Safunsa kuti kwanu n'kuti. Che Jafali amati wailesi yawo ndi khoka: amene waikapo dzanja ali ndi gawo lake.

Lolemba maiki anaigwira ndi Abiti Daudi, mayi wogulitsa usipa, amene nyumba yawo ili kuseri kwa sukulu yathu.

Nkhani yawo ndi iyi. Hotela ina yatsopano yamanga mpanda wa waya kuchokera kumsewu mpaka kulowa m'madzi. Mpandawo wameza mchenga wonse umene amayi a mbali ino akhala akutungirapo madzi ndi kuchapirapo chibadwire. Padoko pamadzaza mabwato ndi matumbo a nsomba, sungatungepo madzi akumwa. Malo otsala ndi kumabango, ndipo kumabango kuli ng'ona. Sabata yatha ng'onayo inagwira mwana wawo wamkazi, namwali wamkulu ndithu, akutsuka mbale. Anzake anamukoka, anapulumuka, koma ali gone kuchipatala ku boma.

Ndinawamva ndili m'kalasi, choko chili m'manja. Sanakalipe. Anati:

"Amayi anzanga, kumabango musamapiteko nokha, ndipo ana musawatume. Mwana wanga ntchafu yonse ndi yosoka. Tsono inu amene munamanga mpanda, tikupempha kakhomo. Mipando yanu ya pamchenga sitikuifuna ayi. Tikufuna kutunga madzi."

Anabwereza mawu omwewo m'Chiyao kuti ndi agogo omwe amve, n'kubweza maiki. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndiuzeni, owerenga anga, pamenepa pali mawu oukira boma? Ine ndawatembenuza uku ndi uku, sindinawapeze.

Koma Lachitatu, Che Jafali atangotsegula kumbuyo kwa wailesi yanga, anafika a tcheyamani a nthambi ya chipani, ali ndi anyamata awo a malaya ofiira. A tcheyamaniwo si mlendo. Anabadwira konkuno, anakwatira konkuno, ndipo akazi awo amatunga madzi kumabango komweko. Anapereka moni monga mwa nthawi zonse, kenako anayang'ana m'mwamba mu mtengo.

"Che Jafali, akuluakulu akumtunda amva kuti kuno kuli wailesi. M'dziko muno wailesi ndi imodzi. Andituma kuti ndibwere ndi mwini wake."

Kumene amapita munthu wotengedwa motero tonse timakudziwa, ndipo timadziwanso kuti ena sabwerako msanga. Anthu amene ankagula nsomba padoko anayamba kusendera pafupi, mabeseni ali pamutu.

Che Jafali anaika sikuludiraiva pansi. "A tcheyamani, ine ndimangolumikiza. Mwini wa chiyani amene mukumufuna?"

"Mwini wa zonsezi."

Msodzi wina wamkulu, Che Mdala, anayankha ali chikhalire pa bwato lovundikira. "Ngati ndi batire, ndi langa. Ndinalichotsa ku galimoto ya mlamu wanga itafa."

"Waya uyo ndi wanga," anatero mayi wina wa kwaya ya kutchalitchi.

"Sipika tinaipereka ndife, titagula yatsopano kumzikiti," anatero bambo wina wa chisoti choyera.

Wina anati maiki ndi yake. Wina anati ndiye amanyamula batire panjinga kukatchajitsa ku boma. Panalibe wofuula. Aliyense ankangotchula chake ngati mmene amatchulira pogawana ndiwo za pakhoka. Anyamata a malaya ofiira aja anayamba kuyang'anana, poti ena mwa olankhulawo anali amalume awo.

Kenako gogo wina wamng'ono thupi anadutsa pakati pa anthu n'kukagwira tsinde la mango. "Mtengo ndi wanga. Ndinaudzala ndine. Mukatenga mwini, muyambire pano."

Gogoyo ndi apongozi awo a tcheyamani. Khoswe anali atakhala pa mkhate.

A tcheyamani anatembenukira kwa ine, mwina poganiza kuti munthu wolandira malipiro a boma awathandiza. "Nanga inu aphunzitsi, chanu n'chiyani pamenepa?"

Ndinayang'ana mu mtengo, ndinayang'ana pansi. Zonse zinali zitapeza kale eni ake. Ndiye ndinati: "Ine ndimabweretsa makutu. M'mawa uliwonse ndimamvetsera, pamodzi ndi ana a m'kalasi mwanga."

Anthu anaseka pang'ono. A tcheyamani sanaseke. Anapukuta thukuta n'kunena motsitsa mawu, ngati akudziuza okha, kuti iwo angotumidwa ndipo sangabwerere chimanjamanja. Mudzi wonse sakanaukweza panjinga. Choncho anatuma mnyamata mmodzi kukwera mu mtengo, anadula waya, natsitsa sipika. Anapita nayo ataimanga pa kaliyala ngati mbuzi ya kumsika. Che Jafali anatsala.

Ndinakondwa kuti munthu sanatengedwe. Koma ndinabwerera kunyumba nditakwiya, ndipo mpaka pano mkwiyowo sunathe.

Cholakwa cha a tcheyamani, ndi cha amene anawatuma, n'chakuti anazolowera kuti chinthu chilichonse chili ndi mwini mmodzi. Chipani chimodzi, wailesi imodzi, pakamwa pamodzi. Ukagwira mwiniyo, chinthu chatha. Iwo saganizako kuti kungakhale chinthu chimene anthu anachisonkha okha, wina waya, wina batire, wina makutu, popanda wowalamula. Atachipeza, anasowa pogwira.

Akuti wailesi imodzi itikwanira tonse. Chabwino. Ine ndimaimvera wailesi imeneyo, ndiponso mabatire ake ndimachita kuwayanika padzuwa kuti akhalitse. Imandiuza kumene akuluakulu anakayendera minda. Imandiuza kuti anthu anakondwa, anavina, anathokoza. Mphepo ya panyanja imaitchula mwachidule, ngati kuti nyanja yonse ndi beseni limodzi. Chiyao simungachimvemo, pamene theka la agogo a kuno Chichewa amachimva mopereweza. Kodi inayamba yanenapo kuti kumabango a kwathu kuno kuli ng'ona? Ingadziwe bwanji, poti amene amadziwa saloledwa kuyandikira maiki?

Enanu mumatsegula mawailesi akunja mutatsitsa mawu, khutu lili pa kabokosi. Sindikukutsutsani. Koma munthu wolankhula ali kutsidya kwa nyanja zamchere sadziwa kumene Abiti Daudi amatunga madzi. Nkhani ya mpanda wa waya ndi yaing'ono kwambiri kwa iye. Kwa wailesi ya boma ndi yaikulu mopyola, poti ingathawitse alendo a kuhotela. Ndiye ikanenedwe kuti?

Mnzanga wina wogwira ntchito ku boma, munthu wabwino ndithu, anandiuza kuti ndisamaone mbali imodzi. Anati mudzi uliwonse ukakhala ndi sipika yake, anthu adzayamba kunenerana mabodza, kutukwanizana, ndipo mtendere umene timanyadira udzatha. Ndinamufunsa ngati anamvapo bodza pa sipika ya Che Jafali. Munthu wolankhula pamenepo amalankhula apongozi ake akumva, anansi ake akumuona. Akanama, amatsutsidwa asanabweze n'komwe maiki. Bodza limakula bwino kumene wolankhula saoneka ndipo womvera sangayankhe. Wailesi yotero tili nayo kale, ndipo si ya mu mtengo wa mango.

Za mtendere, ndinamuuza kuti akafunse mtsikana amene wagona kuchipatala uja ngati kukhala chete kwa mudzi kunamuteteza.

Tinaphunzitsidwa kuti kudandaula ndi kusayamika. Mwana akanena kuti nsapato ikumuthina, ife timamuuza kuti athokoze poti anzake alibe. Takula nacho chizolowezi chimenechi mpaka tafika poti mayi wopempha kakhomo kotungira madzi akuwerengedwa ngati mdani wa dziko. Ndipo ife ophunzira, ife a mataye, ndi amene timakhala oyamba kunong'oneza kuti, "Mayi, chepetsani." Timaopa kusamutsidwa, timaopa kuchotsedwa ntchito. Inenso ndimaopa. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ng'ona sifunsa khadi ya chipani.

Akonzi a nyuzipepala ino anandipempha kuti ndifewetseko mawu. Ndafewetsa. Dzina la hotela sindinalitchule, dzina la a tcheyamani sindinalitchule. Zotsalazo zikhale mmene zilili. Ndikufuna tsiku lina, ine ndikadali ndi mano, boma lililonse m'dziko muno lidzakhale ndi wailesi yakeyake ya anthu, yolankhula chilankhulo cha pamalopo, imene msodzi angafunsirepo mkulu wa za nsomba, mayi n'kufunsirapo mwini hotela, wofunsidwayo n'kuyankha anthu onse akumva. Ngati kufuna zimenezi ndi mlandu, mukudziwa kumene ndimaphunzitsa.

Lachisanu m'mawa ndinabwerera kukatenga wailesi yanga. Pa mphanda ya mango panali kachidutswa ka waya kokha, kakulendewera. Ndinkayesa kuti ndikapeza Che Jafali ali okha.

Anthu anali ochuluka kuposa masiku onse. Kale ankamvera ali kumathandala kapena pakhomo pawo. Tsopano, popeza mawu safikanso kutali, anachita kubwera. Che Jafali anaimirira pa benchi, anagogoda tsinde la mtengo ndi chala ngati kuti ndi maiki, n'kuyamba. Ananena za mphepo, za maliro a kutsidya kwa msewu, za mbuzi yosowa. Bambo wina wa mawu aakulu anaima chapatali n'kumabwereza chilichonse kulozetsa kudoko. Atamaliza, Che Jafali anafunsa ngati pali wofuna kulankhula.

Abiti Daudi anakwera pa benchi, ndowa ili m'manja. Ananena mawu omwe aja, osachotsera, osawonjezera. Pakati pa amayi omvera ndinaonapo akazi awo a tcheyamani, nawonso ndowa ili m'manja.

Kakhomo sikanatsegulidwe. Msonkhano utatha, amayi anandandalika kulowera kumabango, ndipo amuna angapo anawatsatira atanyamula nkhafi, kuti akamenye madzi amayiwo akamatunga. Abiti Daudi anali patsogolo. Ndinawayang'ana mpaka analowa m'bango, ndipo ndinachita mantha.

Che Jafali anandipatsa wailesi yanga n'kuitsegula kuti ndimve ntchito yawo. Inalira bwino kwambiri, kulira ngati chule kuja kutatheratu. Munali nyimbo ya amayi, akuthokoza chifukwa cha mtendere ndi chitukuko.

A tcheyamani, ndi inu akumtunda amene munawatuma, sipika ija munabwera msanga kudzaitenga. Nanga ng'ona mudzabwera liti kudzaitenga?