Mimba ya Masana

Esime wa ku Thambani anali mayi wosadziwa kukhala pansi. Nyengo ya manachesi ankalawirira ndi dengu kukakwera pikapu ya ku Boma, n'kumathamangira mawindo a minibasi mpaka dzuwa kupendeka, m'mimba muli kachigumu kamodzi kapena mulibiretu kanthu. Mwamuna wake, a Langton, anali ku Tete kumanga nyumba za eni, ndipo foni yawo inkabwera mwa apo ndi apo. Ana atatu, munda ndi nkhawa zonse zinali pamutu pa Esime.

A Langton atatha miyezi isanu ndi umodzi kunjako, mimba ya Esime inayamba zachilendo. M'mawa inkakhala yophwa bwinobwino, koma pofika masana inkafufuma n'kulimba gwa, mpaka siketi kukana kutsekeka. Ankageya, nseru osatha, kudzimbidwa masiku atatu kenako n'kutsegula. Anamwa mizu, anamwa soda, koma ayi ndithu.

Anzake a manachesi, aja odziwa kuwerenga miyezi ya anzawo kuposa anamwino, anayamba kukodolana. "Mimba ya masana yafika," ankatero akamuona. "Kaya mwini wake ndi dalaivala wa thiraki iti." Pakamwa pa munthu mpoipa, abale. Nkhaniyo inaoloka malire popanda pasipoti, ndipo a Langton atatulukira sanaponde pakhomo pawo. Anakafikira kwa malume awo a Mateyu, nkhoswe ya ukwatiwo.

Esime anaona kuti banja likupita. Anathamangira kuchipatala, komwe anamuyeza mkodzo, magazi ndi chimbudzi, n'kumuunikanso m'mimba.

"Mayi, mulibe pakati, mulibe chotupa, ngakhale njoka mulibe," anatero dokotala. "Matumbo okha ndiwo sakugwira bwino ntchito. Timalandira ambiri otere ochokera m'midzimu, makamaka amayi oganiza kwambiri ndi odya mosasunga nthawi."

Esime anatuluka akumwetulira, buku lakuchipatala atalikumbatira pachifuwa. Ankati wapeza mboni yosanama.

Ankhoswe anakumana Loweruka m'mawa, mame asanaume. Mbali ya Esime kunali mchimwene wake Kinsley, amene Esimeyo anamulera mayi awo atamwalira. A Mateyu analandira bukulo, kuvala mandala, n'kuwerenga pang'onopang'ono kuti chipatala sichinapeze kanthu. Atatero anayang'ana pamimba pa Esime, pomwe nthawi imeneyo panali pophwa ngati pa mtsikana.

"Msika wonse unaiona mimba," anatero a Mateyu. "Lero yaphwa, ndipo buku lanu lomwe likuti mulibe kanthu. Nanga mwanayo mwamutaya kuti, mayi?"

Esime anagwada n'kuyamba kulira. "Chonde dikirani mpaka masana, muona nokha. Imabwera tsiku lililonse."

"Masana ine ndikhala ndili pa Zobue, ulendo wobwerera ku Tete," anayankha a Langton, akukutumula fumbi pathalauza. Anadzuka osatsanzika ngakhale ana awo, amene ankasuzumira pakhomo.

Esime anatembenukira kwa Kinsley, poti magazi ndi magazi. Munthuyo anali atawerama, akutokosa dothi ndi kamtengo. Anasendera pafupi n'kulankhula motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Achemwali, ine ndiye wanu. Tangondiuzani zoona, mimbayo anakuchotsani ndani?"