Kumene Tinasunga Kaundula wa Minda

Ndinkagwira ntchito ya makompyuta ku bungwe la alimi a mpunga m'boma la Nsanje. Kaundula yense wa minda ya m'sikimu yathu ya mpunga, wosonyeza kuti munda wa uje wayambira pati ndipo walekeza pati, ankakhala m'makina akale aakulu ngati filiji. Makinawo ankalira tsiku lonse ndi kutentha kwa kuno, koma sanatichititsepo manyazi.

Kenaka kunabwera ganizo loti alimi aziona za minda yawo pafoni, osachita kukwera bwato kuchokera ku Makhanga kudzafunsa ku ofesi. Panafunika seva, kompyuta imene imasunga zinthu n'kumayankha mafoni kudzera pa intaneti. Komiti inandituma kuti ndifufuze. Patatha milungu itatu ndinabwera ndi njira zitatu: kuwonjezera mapulogalamu pa makina akale aja, kugula seva yatsopano yokhala mu ofesi mwathu, kapena kubwereka malo pa seva za kampani ina kutali, kumene madzi a Shire safika.

Ine mtima wanga unali pa njira yachitatu. Pamsonkhano ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Ndinanena za magetsi othimathima, za fumbi, za ofesi yathu imene inamangidwa pamalo otsika kuposa msewu.

Apampando athu anali bambo achikulire, kapitawo wopuma wa ku esiteti ya nzimbe, munthu wosakonda phokoso. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa ngati mlimi angayende wapansi kukafika kumene kaundulayo akasungidwe. Ndinati ayi.

"Ndiye minda yathu ikagone kwa anthu osatidziwa?" anatero. "Tsiku lina akadzati malowa si athu, ife tidzaloza chiyani?"

Onse anavomereza, ndipo sindinganene kuti anali opusa. Anthu a m'chigwa muno anaonapo malo akuwapulumuka chifukwa cha pepala lolembedwa kutali. Anagwirizana zogula seva yatsopano, n'kuika lamulo loti za minda zisatuluke pakhomo la ofesi, ngakhale pa kadisiki. Apa m'pamene ndimadzida mpaka lero. Ndikanatha kukopera zonse n'kukasungitsa kwa mlongo wanga kumtunda, palibe akanadziwa. Koma akuluakulu anali atalankhula, ine ndinangoti zikomo n'kukhala pansi. Disiki yokoperapo ndinkaisunga m'kabati, pafupi ndi seva pomwepo. Makina akale tinawazimitsa n'kuwakankhira pakona.

Zaka ziwiri zinayenda bwino, moti apampando ankandiseka kuti ndimaopa madzi ngati mbuzi. Chaka chachitatu madzi anabwera ine ndili ku Chikwawa, msewu n'kuduka. Pamene ndinkafika patapita masiku, ndinapeza matope atalekeza m'mawindo. Seva, kabati, makina akale, mafayilo a mapepala, zonse zinali mtundu umodzi. Madisiki ndinawatumiza ku Blantyre kwa odziwa, anabwerako opanda kanthu.

Kumindako mchenga unali utakwirira malire onse. Komiti inayamba kugawanso potengera umboni wapakamwa, ndipo pa umboni wapakamwa amapambana ndi amene ali ndi abale ambiri.

M'mawa wina kunabwera mayi amasiye pabwato kuchokera ku Makhanga. Alamu awo ankati munda umene mayiwo ankalima unali wa malemu mchimwene wawo, mwamuna wa mayiwo, choncho ubwerere kumtundu. Ine ndinkadziwa kuti unalembedwa m'dzina la mayiwo, chifukwa ndinalemba ndine, mwamuna wawo ali moyo atakhala pambali. Ndinakanena zimenezi ku komiti. Anthu omwe aja, amene anakana kuti kaundula atuluke, anandiuza kuti ndionetse pamene palembedwa. Ndinapsa mtima, koma choonetsa ndinalibe.

Nditatuluka ndinapeza mayiwo akundidikira pakhonde. Anandipatsira kafoni kawo kong'aluka galasi.

"Achimwene, kale ndikadina apa dzina langa limatuluka. Tadinani inuyo, kapena ine ndikulakwitsa."

Ndinadina ngakhale ndinkadziwa. Ndinadinanso kachiwiri. Kenaka ndinawauza kuti sakulakwitsa, kungoti palibenso chimene chingatuluke. Anakamanga kafoniko kunsonga ya chitenje, anathokoza m'Chisena kuti takhuta, n'kutsetsereka kupita kudoko. Chaka chimenecho m'mundamo anadzala alamu awo.