Michira Inayi ya Amake Makoswe

Zaka khumi ndi chimodzi ndawadziwa Amake Makoswe. Ine ndimatsuka makola m'nyumba ya ofufuza, iwo amasamala eni makolawo, makoswe oyera a maso ofiira. Dzinali tinawapatsa ndife, chifukwa m'mawa amayamba kupereka moni kwa makoswe, ife anthu pambuyo.

Ntchito yake imayenda motere. Makoswe amabayidwa mankhwala a khansa. Mankhwalawo amawononga timitsempha ta m'diso, diso n'kuleka kumva, monga zimachitikira odwala ena. Ndiye theka la makoswe amawadonthezera mankhwala oyesa kuteteza diso, theka linalo madzi chabe. Lachisanu adokotala amakhudza diso ndi kaulusi. Khoswe akaphethira msanga, mitsempha ikadalipo. Kuti magulu awiriwa asasokonezeke, Amake Makoswe amapaka inki kumchira, ena yofiira, ena yobiriwira.

Lolemba lina ndinawapeza atagwira tsaya. Loweruka anaiwala kukhoma kachitseko ka pakati pa makola awiri. Makoswe anayi anachezerana, n'kunyambitana michira mpaka mbee.

"Achimwene, musanditong'olere maso," anatero. "Ana angawa ndimawadziwa nkhope. Wa khutu long'ambikayu ndi wofiira."

"Mukudziwa kapena mukuganiza?"

"Aa, inunso! Mumafunsa ngati woweruza, chonsecho mwagwira burashi."

"Nanga atatuwo?"

Anayang'ana michira ya atatuwo. Anatenga cholembera chofiira, n'kuchitsekula, n'kuchitsekanso. Akanapaka, palibe akanadziwa. Akanaulula, masabata asanu ndi atatu a ntchito akanalowa m'madzi, mwina ndi ntchito yawo yomwe, pomwe kunyumba kuli ana atatu a sukulu. Ine sindinawathandize kuganiza. Ndinapitiriza kukwecha khola.

"Zikavuta mudzandilembe ntchito yokugwirirani ndowa," anatero akuvula magolovesi.

Adokotala athu ndi mtsikana, msinkhu wa mwana wanga. Amake Makoswe atapita kukaulula kwa iwo, ndinamva zonse, chitseko chinali chosatseka. Adokotala anati, "Amayi, mukanapaka mwakachetechete, ine ndikanalemba bodza ndi dzanja langa, wina n'kudzalithira m'diso la munthu."

Kalata yochenjeza Amake Makoswe anailandira, zimenezo sindibisa. Anayiwo anachotsedwa pa chiwerengero, n'kuyambiranso ndi ena. Anayi aja anakalamba ali pakona, akudya ndi kugona, onenepa ngati mabwana. Tinkawatcha opuma pantchito.

Tsiku lomwelo Amake Makoswe analonjeza adokotala kuti sadzawerukanso asanakoke kachitseko kalikonse kawiri. Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Ngati mankhwalawo adzathandize anthu, sindikudziwa, ndipo adokotala akuti nawonso sanadziwe. Koma nthawi yoweruka ikakwana, basi ikuliza hutala panja, mumawamva akuyenda mzere wonse wa makola makumi anayi: "Wakhoma, wakhoma. Wakhoma, wakhoma." Basi yawasiyapo katatu. Kachitseko sanadumphepo ndi kamodzi komwe.